Himalayan 450 yatsopano kapena njinga zimene tazizolowera: ndigule iti yoyendera maulendo aatali?

Funso: Ndine bambo wa zaka 44 ndipo ndimakhala ku Area 25 muno mu Lilongwe. Kwa zaka 9 ndakhala ndikukwera Yamaha AG200 ya kuntchito poyendera alimi, ndipo tsopano ndasunga ndalama zoti ndigule njinga yangayanga yoyendera maulendo aatali. Kwathu ndi ku Rumphi, choncho ndizipitako pafupipafupi, nthawi zina ndi mayi a kunyumba kumbuyo, komanso ndimalakalaka nditakafika ku Nyika ndi ku Livingstonia. Mlamu wanga amene amakhala ku Johannesburg wanditumizira zithunzi za Royal Enfield Himalayan 450, ndipo mtima wanga wagwera pomwepo. Koma anzanga akuti chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere, bola ndigule Honda CB500X, Suzuki V-Strom 650 kapena Kawasaki KLR650 zimene anthu akuzidziwa kale. Kutalika kwanga ndi masentimita 170. Kodi ndimvere ndani?

Yankho: Bambo, poyamba khazikani mtima pansi, chifukwa pa njinga zinayi zimene mwatchulazi palibe imene ndingakuuzeni kuti muithawe. Iliyonse ikhoza kukufikitsani ku Rumphi n'kukubwezani ku Area 25 bwinobwino. Komanso inu simukuyambira pansi, pakuti munthu amene wakwera AG200 kwa zaka 9 m'misewu ya kumudzi amadziwa kale mmene katondo amatererera mvula ikagwa ndi mmene mchenga umakokera mahandulo, zinthu zimene ambiri ogula njinga zikuluzikulu amaziphunzira atagwa kale. Ine ndakhala ndikukonza njinga zamoto mumzinda muno kwa zaka zoposa 20, ndipo anthu amene amabwera kwa ine akudandaula nthawi zambiri amakhala kuti anagula njinga yabwino ndithu, koma yosagwirizana ndi misewu imene amayendamo ndi thumba lawo. Ndiye tiyeni tiziyeze zonsezi ndi msewu wanu wa ku Rumphi, osati ndi zithunzi.

Tiyambe ndi imene yakutengani mtima. Himalayan 450 inatuluka ku India kumapeto kwa 2023, kulowa m'malo mwa Himalayan 411 imene inayamba kugulitsidwa mu 2016. Dzina ndi lomwelo, koma njingayo ndi ina kuyambira injini mpaka chimango. Injini yake ndi ya 452cc, ya silinda imodzi, ndipo ndi yoyamba ya kampani ya Royal Enfield yoziziritsidwa ndi madzi. Imatulutsa mphamvu yokwana mahosipawa 40, pamene yakale ija inali ndi pafupifupi 24, ndipo magiya tsopano ndi 6 m'malo mwa 5. Imalemera makilogalamu 196, thanki yake imalowa malita 17, tayala lakutsogolo ndi la mainchi 21 ndipo lakumbuyo ndi la 17. Kuchokera pansi kufika pamimba pa injini pali mamilimita 230, ndipo mashoko ake, kutsogolo ndi kumbuyo komwe, amatha kuphwa mamilimita 200 asanagunde pamapeto. Chishalo chimasunthika pakati pa mamilimita 825 ndi 845, ndipo pali china chotsikirapo chimene chimayambira pa 805.

Manambala atatu mwa amenewa, a tayala, a mpata wa pansi ndi a mashoko, ndiwo amene amapangitsa kuti ndiilemekeze njinga imeneyi. Mukachoka pa boma la Rumphi kulowera ku chipata cha Thazima mpaka kukafika ku Chelinda, mtunda wopitirira makilomita 100, mumakumana ndi mabampu osatha, miyala yosongoka ndi ngalande zimene madzi a mvula amasiya pakati pa msewu. Tayala lalikulu la mainchi 21 limakwera pamwamba pa zinthu zimenezi m'malo mogunda n'kubwerera, ndipo mashoko aatali amameza nkhonya imene ikanafika pamsana panu. Pa chikweza cha Gorodi, chochokera ku Chitimba kukwera ku Livingstonia, pamene pali makona pafupifupi 20 opindika ngati chigongono, mumafuna njinga imene imayenda pang'onopang'ono m'giya loyamba popanda kugunditsa mimba pamwala. Pa ntchito yotereyi Himalayan 450 imaposa Honda ndi Suzuki zimene anzanu atchula, ndipo anzanuwo ayenera kuvomereza zimenezi. Imalolanso kuzimitsa ABS ya tayala lakumbuyo (kachipangizo koletsa tayala kuima n'kumakhwekhwereza mukagwira buleki mwamphamvu), chinthu chothandiza kwambiri potsetsereka pa miyala yoyoyoka.

Koma ulendo wanu weniweni, umene muziyenda kawirikawiri, ndi wa makilomita opitirira 400 a phula: Lumbadzi, Mponela, Kasungu, Jenda, kukwera Chikangawa, Mzuzu, Ekwendeni, kenako kukhotera ku Rumphi. Pa ulendo wotere injini ya silinda imodzi imanjenjemera kuposa ya masilinda awiri, ndipo kunjenjemera kumeneku simukumva m'mphindi khumi zoyesa njinga, mumakumva pakatha maola anayi, zala zikayamba kuchita dzanzi ndipo mayi kumbuyo akayamba kusunthasuntha mapazi pa zopondera. Injini ya 450 ndi yosalala poiyerekeza ndi masilinda amodzi akale, koma chibadwa chake sichinasinthe. Ndiponso kulemera kwake kumamveka kuti kuli m'mwamba, makamaka thanki ikadzaza, moti poikankha pabwalo kapena poiimika pamalo opendekera pamafunika kusamala.

Honda CB500X inayamba mu 2013, ndipo mu 2024 inasinthidwa maonekedwe n'kupatsidwa dzina loti NX500, koma mtima wake ndi womwewo: injini ya 471cc ya masilinda awiri, ya mahosipawa 47. NX500 imalemera makilogalamu 196, chimodzimodzi ndi Himalayan, thanki ndi ya malita 17.5 ndipo chishalo chili pa mamilimita 830. Kampani imati imayenda pafupifupi makilomita 27 pa lita imodzi, ndipo zimene ndaona kwa anthu oyendetsa modekha sizitalikira pamenepo, kutanthauza kuti thanki imodzi ikhoza kukufikitsani ku Mzuzu musanaganize zoima. Injini imeneyi yayendetsedwa m'maiko ambiri kwa zaka zoposa 10, ndipo mavavu ake amayezedwa pakatha makilomita pafupifupi 24,000, motalikirapo kuposa pa Himalayan. Chofooka chake ndi chomwe ndatchula kale: mpata wa pansi ndi mamilimita 180 okha, mashoko ndi aafupi, ndipo malimu ake ndi achitsulo chosungunula, opanda masipoko, amene amatha kupindika kapena kusweka mukagwera m'dzenje lakuya muli pa liwiro. Ngati mungasankhe CB500X yogwiritsidwapo ntchito, funani ya 2019 kapena ya pambuyo pake, chifukwa m'chaka chimenecho ndi pamene tayala lakutsogolo linakula kuchoka pa mainchi 17 kufika pa 19. Kusiyana kwa mainchi awiri kumeneku kumamveka kwambiri mukasiya phula.

Suzuki V-Strom 650 ndiyo nkhalamba yodalirika pa gulu limeneli. Inatuluka mu 2004, ndipo injini yake ya 645cc ya masilinda awiri oima ngati chilembo cha V inachokera ku SV650 ya 1999. Ili ndi mahosipawa pafupifupi 70, thanki ya malita 20 ndi chishalo chotakasuka chimene munthu wakumbuyo amakhalapo momasuka. Pa nkhani yonyamula anthu awiri ndi katundu pokwera Chikangawa, kapena popitirira lole yaitali pamalo pamene mpata uli wochepa, palibe ina pa zinayizi imene ingafanane nayo. Koma imalemera makilogalamu opitirira 210, ndipo mimba yake ili pafupi ndi nthaka kuposa zinzake zonse, mamilimita 170, ndipo sefa ya oyilo ili poonekera kutsogolo kwa injini, moti popanda chitsulo chotchinga pansi sindingakulangizeni kupita nayo ku Nyika.

Za Kawasaki KLR650 ndinena mwachidule. Ndi njinga ya kuyambira 1987, ya silinda imodzi, ya magiya 5, imene inasiya kupangidwa mu 2018 n'kudzabweranso mu 2021 ngati njinga ya chaka cha 2022, ili ndi injekishoni (kompyuta ndi pampu zopoperera mafuta m'injini) m'malo mwa kabuleta. Thanki yake ya malita 23 ndi yosiririka m'dziko ngati lathu, ndipo zakale zimapezeka zambiri ku South Africa pamtengo wofikirika. Vuto lake kwa inu ndi kutalika, chifukwa chishalo chili pafupifupi mamilimita 870, ndipo munthu wa masentimita 170 amangofika pansi ndi zala za phazi. Mukawonjezera mayi kumbuyo ndi chikwama, kuima pa malo otsetsereka kumasanduka ntchito yotulutsa thukuta. Zambiri zotsika mtengo zimakhalanso zoti zayenda kwambiri ndipo zina zimadya oyilo. Ine ndingaichotse pa mndandanda wanu, pokhapokha mutaikwera n'kupeza kuti miyendo yanu ikufika bwino.

Tsopano tifike pamene pagona nkhani, pamene zithunzi za mlamu wanu sizikuonetsa. Njinga iliyonse, ngakhale yolimba bwanji, tsiku lina imafuna sipeya, ndipo funso loyenera kudzifunsa ndi lakuti tsiku limenelo sipeyayo idzachokera kuti, idzatenga masiku angati ndipo mudzalipira ndi ndalama yanji. M'masitolo a ku Malangalanga ndi ku Bwalo la Njovu mudzapeza zipangizo za Lifo, King Lion ndi Boxer zili mbwee, chifukwa njinga za kabaza ndizo zadzaza mumzinda, koma za njinga za 450cc kupita m'mwamba zimachita kuitanitsidwa kunja, kaya ndi Honda kaya ndi Royal Enfield. Kusiyana kuli pakuti njinga imene yakhala pa msika zaka 10 kapena 20 ili ndi makampani ambiri opanga masefa, mapadi a mabuleki, matcheni, masipuloketi ndi makebulo ake, ndiponso ku Johannesburg kuli malo ophwasula njinga zangozi kumene mlamu wanu angakapeze redieta kapena limu tsiku lomwelo. Njinga yatsopano imadalira kwambiri wogulitsa wovomerezeka, ndipo iye akanena kuti katundu akudikira sitima, inunso mumadikira sitimayo.

Ndikukumbukira njinga ina imene inakhala m'galaja mwathu masabata 6, ndipo dzina lake sinditchula chifukwa zimenezi zikhoza kuchitikira mtundu uliwonse umene wangotuluka kumene. Inali yatsopano, yonyezimira, yoti sinakwanitse ndi chaka chomwe pa msewu. Chimene chinawonongeka chinali kalabala kotsekera madzi pa pampu ya redieta, kakang'ono ngati chitsekerero cha botolo la zakumwa. Tinaiphimba ndi chinsalu pakona kuti fumbi lisalowe m'injini yotsegulayo, ndipo mwini wake ankabwera Loweruka lililonse, n'kuvundukula chinsalucho, n'kupukuta thanki ndi mpango wake, n'kubwerera pa minibasi. Panthawi yomweyo njinga zakale zinkalowa m'mawa n'kutuluka madzulo. Kalabala kaja katafika, ntchito yonse inatenga maola awiri okha. Kuyambira pamenepo ndimauza aliyense wogula njinga yachilendo kuti mtengo wake weniweni ndi wa njingayo kuphatikiza bokosi la masipeya logulidwa tsiku lomwelo.

Pali chinanso chokhudza kukhala yatsopano. Nthawi zambiri njinga ya chaka choyamba imatuluka ndi tizolakwika timene kampani imakonza m'zaka zotsatira, ikamva madandaulo a anthu. Himalayan 411 zoyambirira za mu 2016 zinadandaulidwa ndithu ku India, ndipo zimene zinatuluka pambuyo pake zinali zabwinopo kwambiri mpaka zinatchuka padziko lonse. Zimenezi sizikutanthauza kuti 450 idzayenda njira yomweyo, koma zikutanthauza kuti mbiri yake ikadali yaifupi, ndipo sitinganene za iyo zimene tinganene za injini ya V-Strom imene anthu ayendetsa makilomita opitirira 100,000. Ndiponso chokokera moto cha Himalayan 450 chilibe kebulo yopita ku injini, chimatumiza uthenga ku kompyuta ya njingayo. Chimagwira bwino ntchito, koma chikavuta muli ku Jenda, makaniko wa pansi pa mtengo sangachikonze ndi sipanala ndi waya, pamafunika makina owerengera kompyutayo. Pa CB500X, V-Strom 650 ndi KLR650 chokokera moto chikadali cha kebulo, ndipo kebulo yapadera imakwana m'thumba la jekete.

Musanalipire njinga yatsopano iliyonse, funsani wogulitsayo kuti akulembereni ngati chitsimikizo cha kampani chimagwirabe ntchito njinga ikatuluka m'dziko limene yagulidwa, komanso ngati chimafuna kuti sevisi izichitikira kwa iwo okha. Anthu ambiri amawonjezera ndalama pogula yatsopano chifukwa cha chitsimikizo chimenechi, kenako n'kudzazindikira kuti sangachigwiritse ntchito ali ku Lilongwe. Kumbukiraninso kuti sipeya iliyonse yochokera kunja imafuna ndalama zakunja, ndipo tonse tinaona mmene mitengo inadumphira kwacha itatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu November 2023. Pamenepa Royal Enfield ili ndi mwayi wake, chifukwa masipeya ake a ku India nthawi zambiri amakhala otsika mtengo kuposa a ku Japan, koma kutsika mtengo kumathandiza pokhapokha chinthucho chikapezeka.

Nkhani ya mafuta nayo ili ndi mbali ziwiri. Petulo wa m'dziko muno amasakanizidwa ndi ethanol wochokera ku nzimbe za ku Dwangwa ndi ku Chikwawa, mwambo umene unayamba mu 1982, ndipo muyezo wake umatha kufika 20 peresenti. Mabuku a njinga zambiri zopangidwira misika ya ku Ulaya amatchula 10 peresenti ngati malire, pamene dziko la India linalamula kuti galimoto ndi njinga zatsopano kuyambira April 2023 zizipangidwa zopirira 20 peresenti. Apa Himalayan 450 ikugwirizana bwino ndi petulo wathu. Njinga za ku Japan nazo zimayenda ndi petulo ameneyu tsiku ndi tsiku, koma pa zakale ndimayang'anitsitsa mapaipi a labala, ndipo ndimaletsa kusiya njinga itaima miyezi ili ndi thanki yosadzaza, chifukwa ethanol amakoka chinyezi ndipo thanki imachita dzimbiri mkati. Mbali yachiwiri ndi ya kusowa kwa mafuta, kumene kwatisautsa kangapo kuyambira 2022. Mafuta akasowa, munthu wapaulendo amakopeka kugula a m'zigubu m'mbali mwa msewu, ndipo amenewa nthawi zina amakhala ndi madzi, fumbi kapena palafini. AG200 yanu imapirira zoterezi chifukwa kabuleta amatsukika mosavuta, koma pampu ya mafuta ya njinga ya injekishoni ikafa, ulendo wathera pomwepo. Muziyenda ndi kansalu kosefera mafuta, ndipo popita ku Nyika muzidzaza thanki pa Rumphi n'kuwerengera ulendo wopita ndi wobwerera. Ubwino wa injekishoni mudzauona pamwamba pa phirilo, pamtunda wopitirira mamita 2,000, pamene mpweya umachepa ndipo njinga za kabuleta zimayamba kutsamwa, koma za injekishoni zimadzisinthira zokha muyezo wa mafuta.

Za matayala ndikufuna ndikhalepo pang'ono, chifukwa kuphwa kwa tayala ndi vuto limene mudzakumana nalo motsimikiza, kuposa vuto lililonse la injini. Himalayan 450 yodziwika kwambiri imabwera ndi malimu a masipoko ofuna chubu, ngakhale kuti kampani inadzatulutsanso malimu a masipoko osafuna chubu amene munthu angathe kusankha. KLR650 nayo ndi ya chubu. Honda ndi Suzuki ndi zopanda chubu. Tsiku lina tikukwera kupitirira Thazima, mnzanga anabayidwa ndi msomali pa tayala lakumbuyo la njinga ya chubu. Tinasanjikiza miyala pansi pa injini kuti tayala likhale m'malere, tinamasula tcheni ndi buleki, tinalimbana ndi mphepete mwa tayala pogwiritsa ntchito zitsulo ziwiri zazifupi, zala zitauma ndi mphepo yozizira ya kuphiri, ndipo pobwezera tinatsina chubu chatsopano n'kuyambiranso. Tinanyamuka patatha maola awiri, dzuwa litapendeka. Pa tayala lopanda chubu, msomali womwewo umazulidwa, n'kulowetsa kachingwe komata pabowopo, n'kupopa, ndipo m'mphindi 15 mumakhala muli pa ulendo. Komanso tayala la chubu likabayidwa limaphwa mwadzidzidzi, pamene lopanda chubu limatuluka mpweya pang'onopang'ono, zimene zili zofunika kwambiri mukanyamula munthu kumbuyo. Choncho ngati mtima wanu ukhalabe pa Himalayan, lipirani ndalama yowonjezera ya malimu osafuna chubu, ndipo musanyengerere pa chimenechi. Dziwaninso kuti matayala a njinga zonsezi sapezeka wamba kuno, ndiye muziitanitsa atsopano akale asanathe.

Ndiye maganizo anga ndi awa. Tengani pepala, mulembe maulendo amene mukuona kuti mudzayenda m'chaka chimodzi, ndipo muwerenge makilomita a phula ndi a fumbi padera. Ngati kwanu kuli pa boma la Rumphi kapena pafupi ndi phula, ndipo ku Nyika ndi ku Livingstonia muzipitako kamodzi kapena kawiri pachaka nyengo ya chilimwe, mudzapeza kuti makilomita 9 pa 10 aliwonse ndi a phula. Zikakhala choncho, ine ndingakugulireni Honda, kaya NX500 kaya CB500X ya 2019 kupita m'tsogolo, n'kuikapo chitsulo chotchinga injini pansi, zitsulo zotchinga m'mbali ndi matayala ogwira pa phula ndi pa dothi pomwe. Ku Nyika idzafika, bola muziyenda modekha ndi kusankha popondetsa tayala, ndipo luso limenelo muli nalo kale. Ngati mayi azikwera nanu maulendo ambiri, ndipo muzinyamula katundu wochuluka, V-Strom 650 ndiyo idzawasangalatse, ngakhale kuti idzakuvutani kuikankha. Koma ngati kwanu kuli mkati, cha ku Hewe kapena ku Mphompha, kumene ulendo uliwonse umathera m'msewu wa dothi ndipo muzipitako ngakhale m'dzinja, pamenepo Himalayan 450 ikhala chisankho chanzeru, ndipo musachite manyazi kutsutsana ndi anzanu. Mukatero, gulani pamodzi ndi njingayo masefa a oyilo okwanira masevisi atatu, sefa ya mpweya, mapadi a mabuleki akutsogolo ndi akumbuyo, tcheni ndi masipuloketi, kebulo ya kilachi ndi zogwirira za buleki ndi kilachi, zimene zimathyoka njinga ikagwa.

Musagule ngakhale imodzi mwa zimenezi musanaikhalire. Masentimita 170 ndi okwanira pa Honda, pa Suzuki ndi pa Himalayan yokhala ndi chishalo chotsika, koma kutalika kwa miyendo kumasiyana pakati pa anthu a msinkhu umodzi, ndipo kutambalala kwa chishalo nako kumasintha mmene phazi limafikira pansi. Ngati simungathe kupita ku Johannesburg, funsani mwa anthu okwera njinga zikuluzikulu muno mu Lilongwe, chifukwa ambiri sakana kuti munthu akhalire njinga yawo ili chiimire. Mutenge ndi mayi omwe kuti nawonso akhale kumbuyo, pakuti maola 6 pa chishalo chosawayenera adzawachititsa kukana ulendo wachiwiri.

Ngati mukugula yogwiritsidwapo ntchito, pamenepa m'pofunika thandizo la munthu wodziwa, ndipo mlamu wanu asadalire maso ake okha. Alipire makaniko wosagwirizana ndi wogulitsayo kuti aiyang'ane. Injini ailize ili yozizira, ataigwira kaye ndi dzanja kutsimikiza kuti sinatenthetsedwe iwo asanafike, ayang'ane utsi, amvetsere kugogoda, aone ngati mashoko akutsogolo akudontha oyilo, azungulitse matayala kuona ngati malimu ali owongoka, ndipo apemphe buku la masevisi. Nambala ya chimango ndi ya injini zigwirizane ndi zimene zili pa mapepala, ndipo pakhale chikalata cha apolisi a kumeneko chotsimikiza kuti njingayo si yakuba, chifukwa popanda chimenecho mudzavutika pa chipata ndi polembetsa. Za msonkho pitani nokha ku ofesi ya MRA kapena kwa wothandiza kuombola katundu wovomerezeka, mutatenga mtengo, chaka ndi kukula kwa injini, kuti akuwerengereni musanatumize ndalama. Ndaona anthu akusiya njinga pa chipata kwa miyezi chifukwa anawerengera mtengo wogulira okha. Laisensi yanu ionetse A, osati A1 imene imathera pa 125cc, ndipo inshuwaransi ya njinga ya mtengo wotere ikhale yoteteza njinga yanu yomwe, osati anthu ena okha.

Njinga ikafika, musayambe ndi ulendo wa ku Rumphi. Iliyonse mwa zimenezi ili ndi mphamvu zoposa kawiri za AG200 ndipo ndi yolemera kwambiri, moti zizolowezi zina zimene zinkakupulumutsani pa njinga yopepuka, monga kuponda phazi pansi pokhota, pano zikhoza kukuthyolani mwendo. Pezani mphunzitsi wodziwa njinga zazikulu kuti mukhale naye masiku awiri kapena atatu pa bwalo lopanda magalimoto, muphunzire kugwira buleki yakutsogolo mwamphamvu mpaka mumve ABS ikugunda m'dzanja, kutembenuka pamalo opapatiza ndi kudzutsa njinga yogwa pogwiritsa ntchito miyendo osati msana. Kenako yendani ulendo wa ku Salima ndi kubwerera muli nokha, mudzabwereze muli ndi mayi, ndipo mukatero mudzadziwa mmene njingayo imasinthira ikalemedwa. Nonse awiri mukhale ndi zipewa zophimba nkhope yonse, majekete okhuthala, magolovesi ndi nsapato zophimba akakolo. Pa M1 muzinyamuka m'mawa kuti mudutse nkhungu ya Chikangawa masana ndi kufika kusanade, chifukwa usiku msewu umenewu umadzaza ndi njinga zakapalasa zopanda nyale, ngolo ndi ziweto.

Pomaliza pa nkhani ya kusamalira, pali zizindikiro zimene simuyenera kudikira nazo mpaka sevisi yotsatira. Nyale ya injini ikayaka n'kukhala osazima, madzi a redieta akamachepa popanda podontha pooneka, oyilo akasanduka wotuwa ngati tiyi wamkaka, kapena mahandulo akamagwedezeka okha pa liwiro, imitsani njingayo ndipo muitengere kwa makaniko amene ali ndi makina owerengera kompyuta ndi sipanala yoyezera kulimba kwa mabawuti. Musanagule, pezani kaye makaniko woteroyo muno mu Lilongwe, mumufunse mtundu umene ali ndi buku lake ndi makina ake, ndipo yankho lakelo muliike pa pepala lomwe lija mwawerengerapo makilomita a phula ndi a fumbi.